Akasupe Otentha a Pansi pa Nyanja

Mu 2018 nyanja ya Chirua inaphwa kwambiri. Asodzi a ku Mecanhelas anasiya ngalawa zawo pamatope. Matope anauma gwa, nacita ming'alu. Mvula yoyamba itagwa, madzi analowa m'ming'alumo, osaonekanso. Ana oyenda kudambo amazidziwa zimenezi.

Pansi pa nyanja zazikulu zamcere palinso ming'alu. Kumeneko ming'alu ili m'thanthwe. Madzi ozizira amalowa m'ming'alu, natsikira pansi. Pansi penipeni pali miyala yotentha, ina yosungunuka ngati phala. Madzi aja amatentha, nakweranso, natuluka ngati kasupe. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100. Madzi a akasupe amenewa amafika madigiri 350!

Pamtunda aliponso akasupe otentha, monga a Mawira ku Nkhotakota, m'dziko la Malawi. Koma a pansi pa nyanja anthu anawaona koyamba mu 1977, pafupi ndi zilumba za Galápagos. Anatsikirako m'kangalawa koyenda pansi pa madzi, dzina lake Alvin. Kumeneko dzuwa silifika, kuli mdima bii. Komabe anapeza nkhanu, nsomba ndi nyongolotsi zazitali zamitu yofiira. Madzi otentha amadyetsa tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Tizilomboto ndito timadyetsa zamoyo zinazo.

Nanga phiri la moto likaphulika pansi pa nyanja, cimacitika n'ciani?

Mu 1991 Alvin anatsikanso m'nyanja ya Pacific, kumwera kwa dziko la Mexico, mamita 2,500 pansi pa madzi. Phala la moto linali litangotuluka kumene. Linakwirira akasupe ena. Nyongolotsi zambiri zinapsa, zinafa. Koma thanthwe linang'ambika, ming'alu yatsopano inatseguka. Madzi anapeza njira zambiri, natuluka paliponse. Tizilombo tija tinaculuka, madzi nayera ngati mwawazidwa ufa. Pasanathe zaka zitatu nyongolotsi zinabwerera. Zina zinatalika kuposa mwana wa kalasi yoyamba.

Ming'alu sikhala yotseguka masiku onse. Madzi otentha amasiya timiyala m'njira zake, monga zoyera zija zomata m'kati mwa ketulo. Pang'onopang'ono njira imacepa, kenaka imatsekeka. Kasupe amazizira. Nyongolotsi siziyenda, conco zimafa ndi njala pomwepo. Madzi amadikira civomezi kapena kuphulika kwina kuti apeze njira ina.

Zimenezi sizicitika kutali kokha ai. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar pali cilumba ca Mayotte. Mu 2018, caka comwe Chirua inaphwa, anthu a kumeneko anamva zivomezi zambiri. Mu 2019 akatswiri anapeza phiri latsopano pansi pa nyanja, lotalika mamita 800. Dzina lake ndi Fani Maoré.

Mafunso

1. Madzi amalowa bwanji m'thanthwe?
2. N'ciani cimatenthetsa madziwo?
3. Njira ya madzi ikatsekeka, nyongolotsi zimatani?

Zocita kunyumba

Mwana aliyense atenge zibulumwa ziwiri zadothi louma, cina cong'ambika, cina cosang'ambika. Amayi kapena atate athirepo madzi pang'ono. Mwana aone pamene madzi alowa msanga, mawa adzauze anzake kusukulu.