MWANA WOPUNTHWA DZUWA LIKALOWA

Amayi ndi abambo a kwa Kaphuka, taonetsetsani mwana wanu nthawi ya chisisira. Ngati masana amasewera bwinobwino, koma dzuwa likangolowa amapunthwa pamtondo, kupapasa mbale ya ndiwo, kapena kukhala duu pakhonde anzake ali kuthamangitsana, musamuyese waulesi. Kawirikawiri chimenechi ndi chizindikiro choyamba chakuti m'thupi mwake mwachepa vitamini A. Mukachedwa, poyera pa diso pamauma ndi kuoneka timawanga tonga thovu la sopo. Kenaka pakuda pa diso pamachita chilonda, ndipo ng'ala yotsala pamenepo simachoka. Mwana wotere chikuku ndi kutsegula m'mimba zimamugwetsa msanga.

Kafukufuku wa mu 2001 anapeza vutoli mwa ana aang'ono 59 pa 100 alionse m'Malawi muno; pofika 2016 anali 4 okha. Zathandiza ndi makapisozi a kusikelo, ndiponso vitamini amene amathiridwa m'mafuta ophikira ndi mu shuga, amene anayamba kuthiridwa mu 2012.

Nanga bwanji mwana wina amadya bwino koma vitaminiyu n'kumuperewerabe? Vitamini A amayenda ndi mafuta, amalowa m'thupi kudzera m'matumbo aang'ono, ndipo amasungidwa m'chiwindi. Matumbo akaonongeka, chakudya chimangodutsa. Nthawi zambiri oononga ake ndi njoka zam'mimba ndi kutsegula m'mimba kosatha. Koma pali nthenda inanso yosaonekaoneka kwathu kuno, imene madokotala amaitcha "coeliac". Mwa ana obadwa ndi chibadwa chake, gluteni wa mu tirigu amachititsa thupi kulimbana ndi matumbo ake omwe, mpaka timphukira tam'kati totenga zakudya timafota. Mwana amatupa mimba, amaonda m'matako, sakwera sikelo, ndipo chimbudzi chake chimakhala chambiri, chotuwa ndi chamafuta.

Amene anazindikira gwero lake ndi Dokotala Willem Dicke wa ku Holland. Pa njala ya 1944 mpaka 1945 buledi atasowa, ana odwala nthendayi anayamba kupeza bwino. Buledi atabweranso, anadwalanso.

Musadzigamulire nokha kuti mwana ali nayo. Pitani naye kuchipatala cha Kaphuka, ndipo akakutumizani ku Dedza musazengereze. Musamuletse za tirigu asanapimidwe, chifukwa mukatero nthendayi imabisala kwa opima. Ikatsimikizika, buledi, masikono, mandasi ndi mabisiketi azisiye moyo wake wonse. Ndi chinthu chowawa kwa mwana tsiku la msika, koma ife tili ndi mwayi: chimanga, mapira, mawere, mpunga, chinangwa ndi kachewere zilibe gluteni. Zitumbuwa za ufa wa chimanga wokhawokha angathe kudya.

Kachewere wathu wa ku Dedza, ngakhale timanyadira, alibe vitamini A wokwanira. Wambiri ali m'chiwindi, mazira, maungu, mango, mapapaya, bonongwe, nkhwani, ndi mbatata yofiira m'kati monga Zondeni ndi Kaphulira. Masamba muzitendera kapena kudonthezamo mafuta, pakuti opanda mafuta vitamini wake salowa bwino m'thupi.

Kusikelo, mwana wa miyezi 6 mpaka 11 amalandira kapisozi wobiriwira ngati mtambo. Wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5 amalandira wofiira pa miyezi 6 iliyonse. Vitaminiyu akachuluka amadwalitsa, choncho muzinyamula buku la kuchipatala kuti alangizi a zaumoyo aone tsiku limene analandira komaliza. Koma diso likayamba kuuma kapena kuchita chilonda, musadikire tsiku la sikelo, ndipo musathiremo mankhwala achikuda; nyamukani tsiku lomwelo.