Phunziro la Mwezi Uno: Kodi Botolo Lopanda Kanthu N'la Yani?

Munthu amene angayang'ane m'ngalande za pa msika wa Songani, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, adzapezamo majumbo, mabotolo apulasitiki ndi timapepala ta mafirizesi. Koma si kawirikawiri kupezamo botolo lagalasi la Fanta kapena la Carlsberg. Kodi n'chifukwa chiyani?

Botolo lagalasi lili ndi mwini wake. Wogula amasiya botolo lina kapena ndalama ya chikole kwa mwini golosale, mwini golosale amabweza makireti ku kampani, ndipo kampaniyo imatsuka mabotolowo n'kuthiramonso zakumwa. Ngakhale mwana salola botolo lotere kugona padzala, pakuti ndi ndalama. Umenewu ndiwo udindo wa wopanga katundu: amene anapanga chinthu ndiye alipire mtengo wochitolera ndi kuchikonzanso chikatha ntchito.

Jumbo ilibe woiitanitsa. Mvula ikagwa imatseka ngalande, madzi amadikha, ndipo udzudzu wofalitsa malungo umaswana. Zinyalala zina zimakokolokera mu mtsinje wa Domasi, umene umakathira m'nyanja ya Chilwa. Mbuzi ikameza jumbo imatupa mimba ndi kuwonda, mwina mpaka kufa. Ena amati kutentha ndiyo nzeru, osadziwa kuti utsi wake umapweteka m'chifuwa, makamaka kwa ana ndi odwala mphumu. Tsono wolipira zonsezi ndi mayi wobereka mwana kupita naye ku chipatala, osati mwini fakitale.

M'chaka cha 1991 dziko la Germany linalamula makampani kuti azitolera zokutira katundu wawo. Zambia inakhazikitsa malamulo a udindo wa wopanga katundu mu 2018, ndipo a ku South Africa anayamba kugwira ntchito mu 2021. Kuno kwathu Boma linatsata njira ina: mu 2015 linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikironi 60. Makampani anakatenga chiletso ku khoti, ndipo ngakhale Bwalo Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi Boma mu 2019, milandu inapitirirabe kwa zaka zingapo. Mayi Gloria Majiga-Kamoto analandira mphotho ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbikira nkhani imeneyi.

Lamulolo n'labwino, koma silinena za botolo lapulasitiki lokhuthala, limene n'lololedwa ndithu ndipo ndilo lachuluka m'ngalande. Komanso tichenjere: kampani ikhoza kumatolera mabotolo ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha, n'kunena kuti yakwaniritsa udindo wake. Muyeso woona ndi wakuti galimoto yobweretsa zakumwa pa Songani izibwerera itanyamula zotsala zake, monga imachitira ndi makireti.

Alangizi a zaumoyo pamodzi ndi komiti ya msika awerenge mabotolo a m'ngalande kwa sabata imodzi, awapatule monga mwa maina a makampani, ndipo chiwerengerocho akachipereke ku Khonsolo ya Boma la Zomba.