Galimoto yothamanga, koma ikaima injini imazima

Mnzanga wina ali ndi Subaru Impreza WRX imene anaisintha kuti izithamanga kwambiri. Pamsewu imauluka, koma akangoima pa maloboti, injini imanjenjemera n'kuzima. Nditamufunsa chomwe anasintha, anati anachotsa flywheel ya kufakitale n'kuika yopepuka.

Mukukumbukira inertia? Nkhani yake ndi imeneyi. Mu injini ya four-stroke, pisitoni iliyonse imapereka mphamvu pa sitepe imodzi yokha mwa zinayi. Zitatu zinazo zimadya mphamvu, makamaka pofinya mpweya. Flywheel ndiyo imasunga mphamvu yowolotsa injini mpaka petulo ataphulikanso. Mphamvuyi imayenda ndi sikweya ya liwiro, choncho mukatsika kuchoka pa 3,000 rpm kufika pa 750 rpm, yachepa ka 16. Ndiye flywheel ikhalenso yopepuka? Mukaponda klatchi, liwiro limagwa kompyuta isanawonjezere mpweya, basi injini zii.

Komabe sitinathamangire kuiimba mlandu. Tinayamba tafufuza ngati paipi ina ikuba mpweya, chifukwa nazonso zimazimitsa injini, kenako tinatsuka throttle body. Zitakanika, makaniko anakweza idle kufika pa 900 rpm, ndipo inasiya kuzima.