Mmene mungadyetsere ofunafuna Mulungu ku Ramanasramam

Ku Tiruvannamalai, m'chigawo cha Tamil Nadu kumwera kwa India, patsinde pa phiri la Arunachala, pali malo a mapemphero otchedwa Sri Ramanasramam. M'mawa uliwonse, eni malowo asanadye chamasana, asadhu, anthu amene anasiya chuma ndi mabanja kuti afunefune Mulungu, amafola pamodzi ndi osauka kudzalandira mpunga. Mphatso ya chakudya Ahindu amaitcha annadanam, ndipo amakhulupirira kuti wopatsa wanjala chakudya akutumikira Mulungu amene. Amene muli ku Chennai pa zamaphunziro kapena kuperekeza wodwala, basi ikufikitsani kumeneko m'maola anayi kapena asanu.

Musanapereke kanthu, dziwani kaye kumene mwambowu unachokera. Ramana Maharshi, amene malowa amatchedwa ndi dzina lake, anafika m'tauniyi mu 1896 ali ndi zaka 16, wopanda kalikonse, ndipo nayenso anapemphapo chakudya m'makomo. Amayi ena, monga Echammal, ankakwera phiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri kumutengera chakudya. Mayi ake a Ramana, Alagammal, atamwalira mu 1922, malowa anayamba kukula mozungulira manda awo. Mpaka ukalamba utamupeza, Ramana ankalawirira kukhitchini kusanache kukadula ndiwo zamasamba ndi kupera zokometsera. Sankalola kuti amuikire chochuluka kapena chokoma kuposa cha ena, ndipo kutaya ngakhale makoko odyeka ankakudzudzula. Iye anamwalira mu 1950, koma khalidwe lakelo ndi limene mukalipeze m'chipinda chodyera.

Poyamba pitani ku ofesi ya pamalopo. Musalowe kukhitchini nokha mutasenza thumba la mpunga, ngakhale mtima wanu uli wabwino chotani, chifukwa khitchini ya pamalo oterewa ili ndi malamulo ake a ukhondo. Nenani kuti mukufuna kuthandiza pa bhiksha, chakudya cha tsikulo, ndipo akuuzani mmene mungaperekere. Ambiri amasankha tsiku lobadwa la mwana kapena lokumbukira kholo lomwalira. Ngati mukufuna kugona pomwepo, lembani kalata kudakali nthawi, popeza zipinda zimadzaza msanga.

Mukafuna kubweretsa zinthu m'malo mwa ndalama, funsani zimene zikusoweka. Nyama, nsomba, mazira ndi mowa sizilowa pachipata. Zofunika ndi mpunga, ndiwo zamasamba, mafuta ophikira, mkaka ndi nandolo. Nandolo yemweyu amene alimi a kumwera kwa Malawi amagulitsa kwa amalonda otumiza ku India ndiye amaphikira sambar, msuzi wothira pampunga.

Tsiku lanu likakwana, sambani, valani zotalika zobisa mapewa ndi mawondo, ndipo nsapato muzivulire pa malo osungira nsapato pafupi ndi chipata. Fikani msanga. Foni ikhale m'thumba. Ndikutsindika apa chifukwa zimandiwawa kuona munthu akujambula wanjala amene watambasula manja. Mbale ya mpunga isagule ulemu wa munthu.

Ntchito yogawa ili ndi eni ake, choncho musadzipatse nokha chipande. Akakulolani kuthandiza, gwiritsani dzanja lamanja, weramani pang'ono, ndipo thirani chakudya chipande chili m'mwamba, chisakhudze tsamba lodyerapo kapena mbale ya wolandira. Kwa Atamil, chilichonse chimene chakhudzana ndi malovu a munthu chadetsedwa, moti chipande chikagunda tsamba la munthu amene wayamba kudya, sichingabwererenso mumphika. Musalawe chimene mukugawa. Muyezo ukhale umodzi kwa aliyense, kaya ndi msadhu wa ndevu zoyera kaya ndi mayi wonyamula mwana kumanja. Musayembekeze zikomo. Ambiri alandira ali chete n'kumapita, ndipo mwa chikhulupiriro cha kumeneko, wopeza mwayi ndi inu amene mwaloledwa kutumikira.

Asadhu ndi osauka akakhuta, belu limaitana okhala pamalopo ndi alendo awo. Mukaitanidwa, sambani m'manja, khalani pansi pamzere mutapinda miyendo, tsamba lodyerapo lili patsogolo panu. Liwazeni timadzi n'kulipukuta ndi dzanja. Ogawa amadutsa ndi ndowa: mpunga, ndiwo zamasamba, sambar, kenako rasam, msuzi wopyapyala wa bwemba ndi tsabola, pomaliza chambiko chosungunula ndi madzi. Gawani mpungawo pang'onopang'ono kuti msuzi uliwonse upeze wake. Kudya ndi dzanja sikungativute ife ozolowera nsima, koma lamanzere lisakhudze chakudya. Pomwa madzi, ambiri amathira m'kamwa kapu isanakhudze milomo. Ngati mwakhuta, tambasulani dzanja pamwamba pa tsamba wogawa asanathire. Landirani chochepa chimene mungamalize, chifukwa ndowa ibweranso. Zocheza zisungeni mukatuluka.

Mukatha kudya, onani mmene anzanu a pamzere akuchitira ndi tsamba lawo, muchite chimodzimodzi, kenako kasambeni m'manja ndi m'kamwa panja.

Asadhu ambiri amakhala m'mbali mwa msewu wa makilomita 14 wozungulira phiri la Arunachala, umene anthu amayendamo opanda nsapato, makamaka usiku wa mwezi wathunthu. Masiku amenewo chakudya chimachuluka mpaka kutsala, ndiye ngati mukufuna kugawa nokha, sankhani tsiku wamba. Gulani mpunga wophikaphika wokulunga m'mapaketi pa malo odyera osaphika nyama, mutenge ndi madzi akumwa, munyamuke chakudya chidakali chotentha. Funsani munthuyo ngati akufuna, mupereke ndi manja awiri, ndipo wina akakana chifukwa wadya kale, pitirirani kwa wotsatira.