Phunziro la Mbewu: Jack Harlan ndi Nkhokwe ya ku Chalimbana

Chilala cha nyengo ya 2023/2024, chimene boma la Zambia linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024, chinatikumbutsa kuipa kodalira mtundu umodzi wa mbewu. M'phunziro lino tiona ntchito ya katswiri wina amene anafufuza mmene mbewu zimasinthira m'manja mwa alimi, ndi mmene ntchitoyo ikukhudzira minda yathu kuno kwa Nkomeshya.

Jack Harlan wa ku America anabadwa mu 1917 namwalira mu 1998. Mu 1948 anatola ku Turkey tirigu wina wosaoneka bwino, wamapesi ofooka, wogwa msanga, ndipo kwa zaka pafupifupi 15 palibe anamlabadira. Koma pamene matenda a chiwawu anaononga tirigu kumpoto chakumadzulo kwa America, kunapezeka kuti tirigu wonyozekayo sagwidwa nawo, ndipo akatswiri anamkwatitsa ndi mitundu ina napulumutsa minda yambiri. Mbewu yopanda ulemu lero ingakhale ndi mphamvu imene idzafunike mawa.

Harlan sanagwire ntchito yekha. Ku yunivesite ya Illinois anagwirizana ndi J.M.J. de Wet, wochokera ku South Africa. Mu 1971 awiriwa anaonetsa kuti mbewu iliyonse ili ndi abale: ena apafupi okwatirana nayo mosavuta, ena akutali ovuta kuwakwatitsa. Mu 1972 anagawa mapira olimidwa m'magulu akulu asanu poyang'ana maonekedwe a ngala ndi njere. Mapira ndi mbewu yochokera mu Africa muno, ndipo magulu amenewa anaumbidwa ndi alimi amene, mibadwo ndi mibadwo, ankapatula ngala zosayoyoka, zokoma ndi zoyenerana ndi mvula ya kwawo. Harlan anachenjezanso kuti mitundu yamakolo ikutha chifukwa chakuti alimi akuisiya.

Machenjezo otere, ochokera kwa iye ndi akatswiri ena, anathandiza kuti maiko amange nkhokwe zosungiramo mbewu. Imodzi ili m'boma lathu lino la Chongwe, ku Chalimbana. Imeneyi ndi SADC Plant Genetic Resources Centre, yokhazikitsidwa mu 1989 mothandizidwa ndi maiko a Nordic. Kumeneko mbewu zochokera m'maiko a SADC zimaumitsidwa bwino ndi kusungidwa m'mafiriji ozizira kwambiri. Nkhokwe ya dziko lathu ili ku Mount Makulu, ku Chilanga.

Komabe mbewu ya m'firiji ili ngati yogona: siikumana ndi ng'amba ya chaka chino kapena tizilombo tatsopano. Imene imazolowera nyengo ndi ya m'munda, ndipo woisankha ndi mlimi. Motero tisunge malamulo awa.

Choyamba, tisankhe mbewu ili chiimire m'munda, tisanakolole, kuti tione phesi lonse. Titenge pakati pa munda, osati m'mphepete.

Chachiwiri, titenge ku mapesi ambiri. Chimanga chamakolo monga Gankata chimalandira mungu kuchokera ku mapesi ena. Tikamatenga mbewu ku mapesi ochepa chaka ndi chaka, chimafooka. Tichibzale kutali ndi cha haibulidi, kapena tisiyanitse nthawi yobzala.

Chachitatu, tizule mapira akutchire pafupi ndi munda wa mbewu asanachite maluwa, popeza amakwatirana ndi olimidwa ndi kubala ngala zoyoyoka. A kudambo ndi kuthengo tiwaleke, pakuti ndi ena mwa abale aja amene Harlan ndi de Wet anafotokoza.

Chachinayi, tiumitse mbewu kufikira njere ilira pakuiluma, tiiteteze kwa anankafumbwe, ndipo tilembe dzina lake, kumene tinaitenga ndi chaka.

Ntchito ya mwezi uno ndi iyi: wophunzira aliyense afunse agogo awiri a m'mudzi mwake za mitundu ya mapira, nzama, khobwe ndi maungu imene inkalimidwa kale. Alembe imene ilipobe ndi imene yasowa, ndipo abweretse dzanja limodzi la mbewu yosowa kwambiri kuti tiichulukitse m'munda wa sukulu. Amene munamaliza kale maphunziro, chitani chimodzimodzi ndipo mutilembere zimene mwapeza.