Fani Ikamangolira Osazungulira: Dziwani Resistor ndi Capacitor

Fani, wailesi kapena dekoda imene mwaiponya pakona kuti yafa, nthawi zambiri imakhala kuti yangoonongeka kachida kamodzi kotsika mtengo, resistor kapena capacitor. Mukadziwa ntchito ya tizida tiwiriti, mudzadziwa zimene mungakonze nokha ndi zimene muyenera kusiyira mmisiri.

Resistor ndi kachida kokhala ndi mizere yamitundumitundu. Ntchito yake ndi kuchepetsa magetsi oyenda m'waya, ndipo kukula kwake kumayezedwa m'ma ohm. Tiyerekeze kuti mukufuna kuyatsa LED yofiira ndi batire ya sola ya mavoti 12. LED yotere imafuna mavoti pafupifupi 2 ndi ma ampu 0.02 okha, choncho mukailumikiza ku batire popanda china pakati, ipsa pomwepo. Chotsani 2 pa 12, patsala 10. Gawani 10 ndi 0.02, mupeza 500. Gulani resistor ya ma ohm 560, ya mizere yobiriwira, yabuluu ndi yabulauni, muilumikize pakati pa pozitivi ya batire ndi mwendo wautali wa LED. Resistor ilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Ikapsa imada, ndipo musanaikepo ina fufuzani chimene chaiwotcha, apo ayi yatsopanoyo ipsanso.

Capacitor imasunga magetsi kwakanthawi n'kuwatulutsa akafunika, ngati mgolo wa madzi umene umakuthandizani mpopi ukamadukizaduka. M'wailesi ndi m'TV imasalaza magetsi kuti aziyenda mosadumphadumpha. Ikafooka, wailesi imang'ung'udza ndipo TV imavuta kuyaka. M'fani imathandiza injini kuti iyambe kuzungulira. Ngati fani ikungolira mpaka mutaikankha mapiko, ndipo mapikowo sakulimba mukawazunguza itazima, kawirikawiri vuto ndi capacitor.

Posintha capacitor ya fani chitani izi:

1. Zulani pulagi kusoketi. Ngati ndi fani ya kudenga, zimitsani magetsi a nyumba yonse pa switchi yaikulu.
2. Jambulani mawaya ndi foni musanamasule chilichonse.
3. Werengani manambala awiri olembedwa pa capacitor: kukula kwake m'ma µF, monga 1.5 kapena 2.5, ndi mavoti amene ingapirire.
4. Pitani nayo yakaleyo kusitolo. Ma µF afanane ndendende, pomwe mavoti akhale ofanana kapena okwererapo, osati otsikirapo.

Capacitor zozungulira za m'wailesi ndi m'dekoda zikaonongeka zimatupa pamwamba kapena kuchucha. Izi zili ndi mbali: mzere wa m'mphepete mwake umasonyeza mwendo wa negativi, ndipo mukazitembenuza zikhoza kuphulika. Musaziike m'fani, chifukwa sizinapangidwire magetsi a pasoketi.

Chenjezo lalikulu ndi ili: capacitor imatha kusungabe magetsi ngakhale mutazula pulagi. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, koma capacitor yaikulu ya m'TV kapena m'dekoda imasunga oposa 300. Musaigwire miyendo ndi dzanja. Mmisiri amayamba waikhuthula kudzera mu resistor, n'kuipima ndi mita, kenako n'kugwira. Microwave ndiye musaitsekule n'komwe, chifukwa capacitor yake imafika mavoti pafupifupi 2,000, okwanira kupha munthu. Imeneyo, pamodzi ndi inveta ya sola, ipititseni kwa mmisiri wodziwa ntchito yake.