Mbatatesi ya kuseri kwa nyumba: tikumbe liti?

Phunziro la sabata ino likukhudza mabanja amene munabzala mizere ingapo ya mbatatesi, ena amati kachewere, mvula itangoyamba mu Disembala. Febuluwale uno ufa wachepa m'nyumba zambiri, fodya akadali m'zigafa, ndipo msika wa ku Chinkhoma umatsegulidwa cha mu Epulo. Anyamata a chiwaya nawo ayamba kale kufunsa ngati muli nayo yogulitsa. N'zosadabwitsa kuti ambiri mukufuna kukumba lero lomwe. Koma mbatatesi imawonjezera kulemera kwambiri m'masabata omalizira, choncho wokumba mizere yonse msanga amataya gawo lalikulu la zokolola zake.

Tiyambe ndi kusiyanitsa mbatatesi yodya lero ndi yosunga.

Yodya lero simadikira kukhwima. Pakapita masabata awiri kapena atatu chichitireni maluwa, fukulani ndi dzanja m'mbali mwa mzere, osati ndi khasu. Mukapeza yaikulu ngati dzira la nkhuku, chotsani imodzi kapena ziwiri pa phando lililonse, kenaka bwezerani dothi. Mbewuyo ipitiriza kukula, ndipo ana adya. Mbatatesi yotereyi ili ndi khungu lopyapyala, sikhalitsa. Iphikidwe m'masiku ochepa.

Yosunga, yogulitsa kapena ya mbewu ndiyo imafuna kuleza mtima. Mitundu imene timagula kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, monga Rosita ndi Violet, imatenga miyezi itatu kapena inayi. Komabe musadalire kuwerenga masiku kokha, popeza kuno kumatentha kuposa ku Bembeke kapena ku Tsangano ndipo mbewu imafulumira kufooka. Yang'anani masamba. Ife a ku Kasungu timadziwa kuti tsamba la fodya silithyoledwa lisanasinthe mtundu, ndipo diso lomwelo ligwire ntchito apa. Masamba a mbatatesi akayamba kuchita chikasu kuchokera pansi, mitengo n'kugwa, nthawi yayandikira. Pamenepo kumbani phando limodzi, tengani mbatatesi ndi kuitikita ndi chala chachikulu. Khungu likasupuka, sinakhwime. Likakana, yakhwima. Mayeso amenewa ndimawakhulupirira kuposa ena onse, ndipo salira ndalama.

Alimi a kumapiri amadula mitengo yonse kukatsala masiku 10 mpaka 14 kuti akumbe, kuti khungu lilimbe mbatatesi ikadali m'nthaka. Nafenso tizitero.

Chenjerani, si kuuma kulikonse kumene kuli kukhwima. Masamba akachita mawanga akuda ngati awauka, makamaka mvula ikagwa masiku otsatizana, chimenecho ndi chiwawu. Mbewu ikakhala yayandikira kukhwima, dulani mitengo msanga ndi kuitaya kutali matenda asanatsikire pansi. Phando likafota lonse likadali lobiriwira, dulani mbatatesi yake pakati. Mukaona mzere wofiirira wozungulira mkati, mwina ndi timafinya toyera, musasunge mbewu ya pamzere umenewo ngakhale ioneke yokongola. Matenda ofotetsawa amagwiranso fodya ndi tomato, poti zitatuzi n'zapachibale. N'chifukwa chake si bwino kubzala mbatatesi pamene panali nazale ya fodya, ngakhale pamaoneka pachonde.

Kuchedwa nakonso kumapweteka. Mbatatesi yokhwima ikakhalitsa m'dothi lonyowa imawola, ndipo nthaka ikauma n'kung'aluka, timbozi timalowa ndi kuiboola. Imene yatulukira pamwamba imabiriwira ndi dzuwa. Yobiriwirayo ili ndi poizoni wotchedwa solanine, amene satha ndi kuphika. Pobiriwira pang'ono sendani mozama, koma yobiriwira kwambiri kapena yowawa musapatse ana.

Kumbani tsiku lopanda mvula, khasu lilowe patali ndi phando. Yotemeka ndi khasu ikhale yoyamba kudyedwa. Yotsalayo musaitsuke. Iumire pamthunzi, kenaka muiyale pamalo amdima podutsa mphepo, osati m'thumba la feteleza lomanga kukamwa.

Amene mukuganiza zobzala kudimba mu Epulo kapena Meyi, dziwani kuti mbatatesi yongokumbidwa simera msanga. Imagona miyezi iwiri kapena itatu isanatulutse mphukira, ndipo ya mbewu imafuna malo owala koma osafika dzuwa. Mukakumana m'miphakati sabata ino, funsanani amene ali ndi mizere yopanda matenda, kuti mbewu ichokere kumeneko.